Nanga mwana mumusiyira ndani?

 

Ena mwakhala mukufunsa chifukwa chimene ndakhalira chete masabata atatu apitawa, ena mpaka kuganiza kuti ndadwala. Ayi, ndili bwinobwino. Nkhani ndi yakuti sindili ku Thyolo. Ndikulemba izi ndili ku Nairobi, m'dziko la Kenya, kumene ndabwera kudzaphunzira unamwino wa ana kwa chaka chimodzi, pa sukulu ya anamwino ya chipatala cha ana cha Gertrude's. Kunyumba ndasiya mwana wamkazi wa zaka zinayi.

Chifikireni kalata yondiitana, aliyense amene ndamuuza amayamba ndi "Eee, mwachita mphumi anamwino!" Kenako mawu amatsika: "Nanga mwana mumusiyira ndani?" Lero ndikufuna ndiyankhe funsoli bwinobwino, chifukwa ndikudziwa kuti pakati panu pali ena amene mwana wanu, mlongo wanu kapena inu nomwe mudzalandira kalata ngati yanga.

Funsoli si loipa, koma ndaona kuti limafunsidwa kwa amayi okha. Kwathu tinazolowera kuti amuna amachoka. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku Theba, zaka ziwiri osaoneka pamudzi. Lero anyamata akudzaza mabasi a ku Joni, koma palibe amene amaimitsa bambo pa depoti n'kumufunsa kuti ana wawasiyira ndani. Ngakhale anthu amene timawawerenga kusukulu kuti anakaphunzira kunja, ambiri ndi amuna. John Chilembwe anakwera sitima ya pamadzi mu 1897 kupita ku America, n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa mishoni ya PIM ku Chiradzulu, pafupi nafe pomwepa. Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958 kuchokera kumpoto, n'kuyenda mpaka ku Sudan kuti akapeze ndege ya ku America. Tikamva nkhani zawo timati anali olimba mtima. Mayi akachita zomwezo timati ndi wouma mtima.

Ine ndinakulira m'makomboni a pa esiteti ina ya tiyi. Amayi anga anathyola tiyi zaka zoposa 20. Nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphuka kwambiri, ankachoka mbandakucha, dengu kumsana, pepala la pulasitiki m'chiuno, n'kubwera dzuwa litapendeka zala zitang'ambikang'ambika. Ife ankatisiya ndi achemwali awo. Sindinayambe ndaganizapo kuti anatitaya. Ndalama za fotinaiti zimene ankalandira ndi zimene zinandilipirira mayeso a Fomu 4. Ndiye munthu akamati mayi wabwino sachoka pakhomo, ine ndimaona amayi anga akutsika m'mizere ya tiyi m'mame. Amayi akhala akuchoka kuyambira kale kukasaka za ana awo. Chasintha ndi mtunda chabe.

Nanga n'chifukwa chiyani ndapita? Ndagwira ntchito ya unamwino zaka 11, ndipo pali usiku wina umene sundichoka m'mutu. Inali nyengo ya chiperoni. Mayi wina wothyola tiyi anabwera ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri akupuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati. Anali atadikira kuti ayezetse kaye tiyi wake pa sikelo, poopa kuti tsikulo lisadulidwe. Sindimuweruza, ndimadziwa chimene tsiku limodzi limatanthauza pa fotinaiti. Tinachita zonse zimene tinkadziwa, tinaitana ambulansi yopita ku Blantyre, koma mwanayo sanafike. Zimene tinkadziwazo zinathera pamenepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkafuna kudziwa zoposa pamenepo.

Dziko lathu lapita patsogolo pa nkhani ya ana. Njira ya kangaru, yoika khanda losakwana masiku pachifuwa cha mayi, inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo lero ili m'zipatala za m'maboma. Makina a Pumani, othandiza khanda kupuma, anayesedwa koyamba ku Queens. Koma lipoti la bungwe la WHO la mu 2012 linaonetsa kuti mwa ana 100 alionse obadwa m'Malawi, 18 amabadwa masiku asanakwane. Ana ofuna chisamaliro chapadera ndi ambiri, ndipo makina sayang'ana mwana m'maso. Pamafunika namwino wodziwa kuona kuti mwana uyu wayamba kutopa ola limodzi zinthu zisanavute. Zimenezo ndi zimene ndabwera kudzatenga, ndipo ndinasainira kuti ndikamaliza ndibwerera kudzagwira ntchito kwathu.

Tsono mfundo yanga ndi iyi: ulendo wotere umakonzedwa ngati uchembere. Mukukumbukira zimene timakuuzani ku sikelo ya amayi oyembekezera? Timati musadikire matenda ayambe. Konzeranitu zitenje, beseni, pepala la pulasitiki, lezala latsopano, ulusi ndi ndalama ya transipoti, ndipo masiku akayandikira mukakhale ku chidikiro. Mayi amene wakonzekera amaopabe, koma sasowa pogwira. Inenso ndinatenga miyezi itatu ndikulongedza chikwama cha mtundu umenewo.

Choyamba chinali kutsimikiza kuti kumene ndikupita kuli sukuludi. Makolo, apa mumvetsetse. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulula za amayi a ku Malawi oposa 50 amene anawanyengerera kupita ku Oman powalonjeza ntchito zabwino, koma atafika anawalanda mapasipoti n'kumawagwiritsa ntchito ngati akapolo m'nyumba za anthu. Chaka chomwecho atolankhani a AP analemba za atsikana a m'mayiko angapo a mu Africa amene anawalonjeza sukulu ndi ntchito ku Russia, pamalo otchedwa Alabuga, koma anakapezeka akupanga ndege zing'onozing'ono zankhondo m'fakitale. Misampha yambiri imavala yunifolomu ya sukulu. Sukulu yeniyeni ili ndi dzina, adiresi ndi nambala yoti mutha kuimba nokha. Ine mapepala anga anadutsa ku khonsolo ya anamwino ndi azamba ya kwathu ndiponso ya kuno ku Kenya, ndipo zinatenga nthawi. Munthu akamakufulumizitsani, akamati musauze aliyense, akamati pasipoti asunga ndi iye, kapena akamati zonse ndi zaulere koma mutumize kaye ndalama pa foni, imani. Tengani kalatayo mupite nayo kwa ahedi a sekondale, ku ofesi ya leba pa boma kapena ku polisi, akuthandizeni kuiona. Palibe manyazi pofunsa.

Chachiwiri chinali thupi langa. Ndinabayitsa katemera wa yellow fever, chifukwa matendawa amapezeka m'madera ena a Kenya ndipo khadi lake lachikasu amatha kulifunsa pa bwalo la ndege. Katemerayu amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayireni, ndiye si wobayitsa dzulo la ulendo. Ubwino wake ndi wakuti kuyambira mu 2016 kubaya kamodzi n'kokwanira moyo wonse. Ndinapimitsanso magazi, BP ndi mano. Kwa amene amamwa mankhwala tsiku lililonse, kaya ndi ma ARV, a BP, a shuga, a khunyu kapena a mphumu, pitani ku chipatala chanu mwezi umodzi ulendo usanafike. Auzeni kuti mukuchoka, akupatseni mankhwala okwanira ndi kalata yofotokoza zimene mumamwa. Mankhwalawo akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'sutukesi yopita kunsi kwa ndege, chifukwa sutukesi imatha kusochera masiku angapo. Mnyamata kapena mtsikana amene akubisira makolo kuti ali pa ma ARV, chonde, ngakhale makolo usawauze, namwino wako yekha muuze.

Chachitatu, chachikulu koposa, chinali mwana. Sindikananyamuka akadali pa bere. Ndinaulola mwayi wina kudutsa ali ndi chaka chimodzi, chifukwa zimene ndimakuuzani zoyamwitsa mpaka zaka ziwiri ndimazitsatira nanenso. Ulendo uno tinakhala pansi pa mkeka: bambo ake, amayi anga ndi amalume, eni mbumba. Sitinangoti "mwana atsala ndi abale". Mwana wa aliyense amasanduka mwana wopanda mwini. Tinatchula ntchito iliyonse ndi dzina la munthu. Womusambitsa ndi kumuphikira ndi agogo ake. Womuperekeza ku sukulu ya mkaka ndi kugona naye m'nyumba ndi bambo ake. Wopita naye ku sikelo mwezi ndi mwezi ndi bambo akenso, ndipo ndinawauza kuti asachite manyazi kukhala pa benchi pakati pa amayi.

Kabuku kake ka kuchipatala ndinakakulunga m'pulasitiki n'kukaika pamalo amene onse atatu akudziwa. Ndinaonetsetsa kuti akatemera onse analandira, n'kulemba mwezi umene adzalandire vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba, zimene zimaperekedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ndinamangirira neti yatsopano ndi manja anga. Ndinawatenga amayi kupita nawo kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kuti adziwane maso ndi maso. Kenako, madzulo angapo, ndinawaphunzitsa onse zizindikiro zimene sizidikira kuti kunja kuche. Lembani penapake, n'zothandiza kwa aliyense wosunga mwana:

Mwana akukanika kumwa kapena kuyamwa.
Akusanza chilichonse chimene wadya.
Wakomoka kapena akuphupha.
Walefuka, akungogona, sakudzuka bwinobwino.
Akupuma mothamanga kapena nthiti zikulowa m'kati.
Akutsegula m'mimba mwa magazi, kapena maso alowa m'kati.

Kupuma mothamanga timawerenga kwa mphindi imodzi yathunthu mwana ali phee. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti wathamanga. Wa miyezi iwiri mpaka chaka chimodzi ndi ka 50. Amayi anga sanapite patali ndi sukulu, koma munthu amene wakhala akuwerengetsa makilo a tiyi ndi kapitawo zaka 20 sangalephere kuwerenga mpweya wa mdzukulu wake. Thupi likatentha, akayezedwe malungo tsiku lomwelo, osayamba ndi mankhwala a pa golosale.

Tinaikanso kachitini ka ndalama ya kabaza. Imeneyo si ya ndiwo, si ya maliro, si yobwereketsa. Ndi yoti usiku wa mvula munthu asayambe kugogoda m'makomo kufuna ngongole mwana akubanika. Pakhoma ndinalemba nambala ya Chipatala cha pa Foni. Ndipo tinapangana chinthu chimodzi chimene chinawavuta amalume kuvomereza: mwana akadwala asandibisire poti ndingasokonezeke pa maphunziro. Chosokoneza munthu si uthenga woipa ayi, koma kukayikira kuti mwina akundibisira.

Mwana mwiniwake ndinamuuza zoona. Kwathu timakonda kuzemba mwana. Timamutuma kwa aneba, kapena kunyamuka ali m'tulo, kuti asalire. Amayi anzanga, kulira kwa pa kutsanzikana kumatha. Koma mwana amene wadzuka n'kupeza mayi palibe amaphunzira kuti munthu atha kusowa nthawi iliyonse, ndipo amayamba kuopa tulo, kuopa sukulu, kukakamira aliyense. Ine ndinayamba kumuuza kutatsala mwezi. Mwana wa zaka zinayi sadziwa kuti chaka n'chiyani, ndiye tinawerenga njere za chimanga 52 n'kuziika m'botolo. Lamulungu lililonse akabwera ku tchalitchi amatulutsa imodzi n'kuponyera nkhuku. Botolo likadzatha, amama abwera. Ndinamuuzanso, agogo ake ali pomwepo, kuti palibe munthu wololedwa kumugwira malo obisika, ndipo wina akayesa anene, sadzakalipiridwa.

Amene anavutika kwambiri ndi ndege anali amayi anga. Iwo anali kamtsikana mu 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi. Kwa iwo ndege ndi maliro. Ndinawafotokozera kuti minibasi ya pakati pa Bvumbwe ndi Limbe imene timakwera osapemphera n'komwe ndi yoopsa kuposa ndege. Anangoti, "Mwananga, minibasi ikawonongeka umatsika." Ndinasowa choyankha, tinangoseka.

Tsiku litakwana ndinatsanzika masana, mwana akuona. Analira, nanenso ndinalira, bambo ake anamunyamula. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, basi mpaka ku Lilongwe, n'kugona kwa mnzanga, m'mawa ulendo wa ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Kanali koyamba kukwera ndege. Ikamathamanga kuti inyamuke imakukankhira kumpando, m'mimba mumachita ngati mwatsala pansi. Makutu amatseka ndipo amatha kupweteka, makamaka potsika, chifukwa mphamvu ya mpweya imasintha. Mankhwala ake ndi kumeza malovu, kuyasamula kapena kutafuna chingamu, ndipo khanda muliyamwitse. Mpweya wa m'ndege ndi wouma, imwani madzi. Pa ulendo wa maola ambiri, monga wa ku Ulaya, China kapena India, muziimirira n'kuyendako, muzigwedeza mapazi, chifukwa kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumatha kuundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, makamaka kwa oyembekezera, onenepa ndi omwa mapiritsi olera. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka mutafika, pitani kuchipatala.

Titakwera m'mwamba ndinaona nyanja yathu pansi, yaitali ngati chitenje choyanika. Ulendo wonse unali wa maola awiri ndi pang'ono. Kuchoka ku Thyolo kufika ku Lilongwe kunanditengera nthawi yaitali kuposa kuchoka ku Lilongwe kufika dziko la eni.

Kuno nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi. Nairobi ndi mzinda wa pamtunda, ndipo anzanga akuti mu Julaye kumazizira ngati chiperoni chathu. Nsima yawo amati ugali, ndi yolimba moti utha kugenda nayo galu, ndiwo zake masamba otchedwa sukuma wiki. Chiswahili sichili kutali ndi ife: nyumba ndi nyumba, nyama ndi nyama, moto ndi moto, madzi amati maji, ndipo mayi akati mtoto analia ndimamva kuti mwana akulira. Loweruka lapitali mnzanga wa m'kalasi ananditengera kwawo ku Limuru, kunja kwa mzinda. Titangokhota, ndinaona mapiri obiriwira ndi tiyi, amayi ataweramira madengu kumsana. Akuti tiyi woyamba wa ku Kenya anabzalidwa kumeneko mu 1903, pamene ku Mulanje anali atayamba kale. Ndinaima m'mbali mwa msewu fungo la masamba likundilowa, pakhosi panga patatseka. Kusowa kwanu kumakupeza pamene sukuyembekezera.

Apa ndilankhule ndi inu otsala kumudzi. Wopita kusukulu kunja si wa ku Joni. Salandira malipiro. Kandalama kamene amapatsidwa ndi ka chakudya, nyumba ndi mabuku, ndipo zinthu kunja n'zodula. Mukamamuimbira tsiku lililonse za feteleza, za fizi ya mng'ono wake, za malata, iye amayamba kudumpha chakudya kuti atumize, kapena kusiya kalasi kukafuna ganyu. Muimbireni kumufunsa ngati wadya, ngati akugona, ngati wapeza anzake ndi kopemphera. Kusowa kwawo masabata oyamba n'kwachibadwa. Koma akadutsa masabata awiri osagona, osadya, akungodzitsekera m'chipinda, kapena akamalankhula zoti moyo ulibe phindu, amenewo ndi matenda. Musamuuze kuti alimbe mtima poti ali pabwino. Mulimbikitseni akaonane ndi a chipatala cha pa sukulu pomwepo.

Mumuuzenso za malungo. Munthu atha kunyamuka nawo m'magazi n'kudwala atafika. Kumayiko kumene kulibe malungo madokotala sawaganizira msanga, ndiye thupi likatentha anene yekha kuti wachokera ku Malawi ndipo amuyeze. Akadzabwerera patapita chaka kapena kuposa, thupi limakhala litaiwala kulimbana nawo, ndipo amatha kumugwira mwamphamvu ngati mlendo. Mumukonzere neti, musamuseke kuti wasanduka mzungu.

Mwina mukufuna kudziwa kuti mwana ali bwanji. Sabata yoyamba anayambiranso kukodza pogona, zimene anasiya kalekale, ndipo pa foni ankakana kundilankhula, ankangobisa nkhope m'chitenje cha agogo ake. Zinandiwawa, koma ndinali nditawauziratu kuti zidzachitika ndipo asamumenye kapena kumuchititsa manyazi. Umo ndi mmene mwana amanenera kuti wasowa munthu. Timaimbirana nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, iwo akamaliza kudya madzulo, bambo ake atakwera pa kachulu pamene netiweki imagwira. Dzulo anandionetsa botolo n'kundiuza kuti nkhuku yakuda ndi imene ikumaba njere zonse. Ku sikelo anapita, wakwera ndi magalamu 200.

Sindikunena kuti mayi aliyense anyamuke. Pali nthawi imene mwana ndi wamng'ono kwambiri, kapena akudwaladwala, kapena palibe munthu wodalirika womusiyira, ndipo kudikira kumakhala nzeru. Chimene ndikupempha n'chakuti mwana wanu wamkazi, mpongozi wanu kapena mkazi wanu akadzabwera ndi kalata ya sukulu, kaya ndi ya ku Malamulo, ku Zomba kapena ya kutsidya kwa nyanja, funso lija mulifunse mwa mtundu wina. M'malo moti "umusiyira ndani", nenani kuti "tigawana bwanji". Mutu umodzi susenza denga, ndipo zimene akaphunzirezo zidzathandiza ana a mudzi wonse.

Tsamba lino silitsekedwa. Ndiziyankha mafunso anu Loweruka ndi Lamulungu, koma kumbukirani kuti mwana wodwala samudikiritsa yankho la pa foni, thamangirani naye kuchipatala. Mvula yayandikira, sokani maneti obooka ndipo sungani mapaketi a Thanzi m'nyumba. Sabata ya mawa tidzakambirana za chibayo, ndikufotokozereni zatsopano zimene ndaphunzira kale kuno.

Mupereke moni kwa onse kumeneko, ndipo wodutsa pa Bvumbwe andidyereko nanazi. Khalani bwino, ine namwino wanu.